Mau kwa Osweka Mtima, ndi kwa Abwenzi Opikisana



Mwezi uno ndifuna kulankhula nanu za chisoni chimene sitichitchula kawirikawiri pa guwa. Munthu akaferedwa, mudzi wonse usonkhana. Tigona pa siwa, tiimba usiku wonse, tisonkha ufa ndi nkhuni, ndipo wamasiye adziwa kuti sali yekha. Koma mwali kapena mnyamata akasiyidwa ndi amene anamlonjeza ukwati, palibe amene anyamuka kukampepesa. Alira yekha m'nyumba, ndipo akatuluka kukatunga madzi apeza anthu akunong'onezana. Chisoni chimenechi chikasowa wochisamala chibala mwana wake, ndiye mpikisano. Ndipo kawirikawiri munthu apikisana ndi bwenzi lake la pamtima, amene kale anali kudya naye mbale imodzi.

Ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga. Mwini nkhani wandilola kuilemba, koma maina sinditchula, ngakhale dzina la mudzi kapena la esiteti.

Panali anamwali awiri amene anakulira pamodzi. Onse awiri ndinawaphunzitsa m'kalasi, ndipo anabatizidwa tsiku limodzi. Atakula analembedwa ntchito yotchola tiyi pa esiteti imodzi, ndipo anali kuyenda m'mizere yoyandikana, dengu kumsana, kuyambira mbandakucha. Mvula ikagwa anafunda pepala limodzi la pulasitiki. Wina akatenga chinangwa chophika anachinyema pakati. Mmodzi wa iwo anafunsiridwa ndi mnyamata wogwira ntchito m'fakitale. Amalume a mbali zonse ziwiri anaonana, ndipo monga mwa mwambo wathu wa chikamwini, mnyamatayo anayamba kuumba njerwa pa malo a amai a mwaliyo. Koma njerwa zisanaotchedwe, mapazi ake anayamba kuchepa pakhomopo, ndipo patapita miyezi iwiri kunamveka kuti wafunsira mnzake uja.

Masabata oyamba mwaliyo analira, sanadye, ndipo anaonda. Pamenepo panalibe cholakwa. Koma misozi itauma anayamba zina. Pa sikelo, pamene kalaliki anali kutchula kulemera kwa tiyi wa munthu yense, iye anatchera khutu ku makilogalamu a mnzake koposa ake. Ndipo pofuna kumposa anayamba kuthyolera m'dengu masamba okhwima, kufikira kapitawo anamdzudzula pamaso pa anthu. Mnzake akagula chitenje, iye anakatenga ndalama za katapila nagula ziwiri. M'kwaya anakweza mau kuti amize a mnzake. Usiku anakhala ndi lamya m'manja kuyang'ana zithunzi zimene awiri aja anali kuonetsa, ndipo m'mawa naye anaonetsa zake, akuseka chiseko chimene sichinachokere mumtima. Mnzakeyo nayenso sanakhale chete, pakuti anali kudzera dala pa njira ya pakhomo pake atavala zimene mnyamatayo anamgulira. Potsiriza mwali wosiyidwayo anayamba kumvera mau a mwamuna wina wa banja lake, naleka kudza ku Mgonero wa Ambuye.

Amai ake atabwera kudzatidandaulira, tinapita kukamuona ine ndi akunyumba kwanga. Unali mwezi wa Julaye, chiperoni chitakuta phiri la Thyolo. Titakhala pansi ndinati, "Mwana wanga, kodi ukali kumlira mnyamata uja?" Iye anayankha nati, "Iyayi, aphunzitsi, ameneyo ndamtaya kale mumtima. Koma sindingalole kuti uja andiseke." Pamenepo ndinazindikira kuti bala loyamba linali kupola, koma lachiwiri, limene anadzicheka yekha, linali kunyeka. Mnyamata anamlanda chaka chimodzi cha moyo wake. Mpikisano unali pafupi kumlanda malipiro ake, mbiri yake, thupi lake ndi malo ake pa gome la Ambuye.

Tsegulani tsono Buku Lopatulika pa Genesis, mutu 29 ndi mutu 30, ndipo mudzapeza kuti nthenda imeneyi siinayambe ku Thyolo. Labani anali ndi ana akazi awiri, Leya wamkulu ndi Rakele wamng'ono. Yakobo anakonda Rakele, namgwirira ntchito zaka 7 pa chikamwini. Koma Labani anamnyenga usiku wa ukwati, nampatsa Leya. Pambuyo pake anampatsanso Rakele, ndipo Yakobo anagwira ntchito zaka zina 7. Chotero Leya anakhala m'nyumba ya mwamuna amene mtima wake unali kwa mng'ono wake, ndipo tsiku ndi tsiku anaona ndi maso ake chikondi chimene iye anamanidwa.

Choyamba chimene tiphunzira ndi ichi, kuti Mulungu anaona Leya. Malembo atiuza kuti Yehova anapenya kusakondedwa kwake, nampatsa ana. Yakobo sanamuone, atate wake anamyesa chinthu chochitira malonda, koma Wam'mwambamwamba anamuona. Iwe wosiyidwa, usaganize kuti chisoni chako ndi chaching'ono kapena chochititsa manyazi pamaso pa Mulungu. Kulira si tchimo. Ambuye wathu analira pa manda a Lazaro, ndipo iye mwini anaperekedwa ndi munthu amene anali kudya naye pamodzi, nakanidwa katatu ndi Petro bwenzi lake. Adziwa kuwawa kwa kutayidwa ndi munthu wa pamtima, ndipo ungathe kumuuza zonse m'pemphero osabisa kanthu, ngakhale mkwiyo wako.

Chachiwiri, yang'anirani maina amene Leya anatcha ana ake, pakuti m'mainamo muoneka ulendo wa mtima wake. Pobala Rubeni anayembekeza kuti tsopano mwamuna wake amkonda. Pobala Simeoni anali kukumbukirabe kuti ali wodedwa. Pobala Levi anayesa kuti ana atatu adzamangirira mwamunayo kwa iye. Ana atatu onsewo anawabala maso ake ali pa Yakobo, ndipo Yakobo sanatembenuke. Koma pobala wachinai analeka kutchula za mwamuna, natembenukira kuyamika Yehova, namtcha mwanayo Yuda, dzina lonena za chiyamiko. Zinthu za m'nyumba sizinasinthe; Yakobo anakondabe Rakele. Chinasintha ndicho kumene Leya anayang'ana. Ndipo taonani, mwa Levi munatuluka ansembe a Israeli, ndi mwa Yuda munatuluka mfumu Davide ndi Ambuye wathu Yesu Khristu. Mkazi wosakondedwa uja ndiye amene Mulungu anamuika pa mzere wa Mpulumutsi.

Chachitatu, onani chimene mpikisano unachita m'nyumba imeneyo. Rakele, amene anali nacho chikondi chonse cha mwamuna, sanakhale ndi mtendere, pakuti anachitira nsanje ana a mkulu wake, kufikira anauza Yakobo kuti akapanda kubala adzafa. Wina anali ndi ana nalirira chikondi, wina anali ndi chikondi nalirira ana, ndipo yense anayesa kuti mnzake ndiye wodala. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Rakele anapereka mdzakazi wake Biliha kwa Yakobo, ndipo mwana wachiwiri wa Biliha anamtcha Nafitali, dzina lokumbutsa kulimbana kwake ndi mkulu wake. Leya, yemwe uja anayamika Yehova pobala Yuda, anabwereranso m'nkhondo, napereka mdzakazi wake Zilipa. Izi zalembedwa kuti tisadabwe pamene mtima umene tinayesa kuti wachira uyambanso kuwawa. Munthu agwa, nadzukanso. Analimbirananso zipatso zina zimene Rubeni anatola kuthengo, zimene anthu a kumeneko anaziyesa mankhwala a chikondi ndi a kubala. Rakele anazitenga, koma amene anaima ndi Leya. Ndipo Rakele anakhalabe wosabala kufikira tsiku limene Mulungu anamkumbukira. Mumve ichi, inu amene muganiza zopita kwa sing'anga kukafuna mankhwala obweza mwamuna kapena oipitsa mnzanu: mudzataya ndalama ndi chikhulupiriro, ndipo mtima wa munthu simudzaugula.

Udani wa amai awiriwo sunathere pa iwo okha, koma unalowa mwa ana ao, pakuti ana a Leya ndi a adzakazi ndiwo anagulitsa Yosefe mwana wa Rakele. Pambuyo pake chilamulo cha Mose, pa Levitiko mutu 18, chinaletsa mwamuna kukwatira mbale wa mkazi wake mkaziyo akali ndi moyo. Ndipo mathero ao anali otani? Rakele anafa pobala Benjamini pa njira ya ku Efrata, naikidwa komweko. Leya anaikidwa m'phanga la ku Makipela, mmene munagona Abrahamu ndi Sara, Isake ndi Rebeka, ndipo Yakobo pakufa analamula kuti akamuike momwemo. Ndani tsono anapambana pa mpikisano wa zaka zonsezo? Palibe. Anali ana a bambo mmodzi, ndipo anatha zaka zao zabwino akuwerengerana ana.

Titatha kulankhula zimenezi ndi mwali uja, ndinamuonetsa munda wa tiyi umene unali tsidya la khwawa, umene anali atangoudulira. Inu nonse mudziwa maonekedwe a munda wotere m'miyezi ya chisanu: masamba onse apita, patsala timitengo totuwa, ndipo mlendo wochokera kutali angayese kuti munda wafa. Tiyi anayamba kumera m'dziko lino m'munda wa Mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1880, nafika ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake anafalikira kuno kwathu, kumene maesiteti monga Satemwa, imene inayamba m'chaka cha 1923, akali kumlima. M'zaka zonsezi agogo athu, Amang'anja ndi Alomwe amene anadza kuchokera ku Mozambique, anaphunzira kuti tiyi wodulidwa safa, chifukwa mphamvu yake isungika m'mizu. Anaphunziranso kuti tchire lodulidwa salitchola msanga. Alileka masabata ambiri kuti mphukira zikule zifike pa msinkhu wake, pakuti wofulumira kutchola afooketsa tchire lonse.

Sindinena kuti Mulungu ndiye anatuma mnyamata uja kunama. Bodza lake ndi lake, ndipo adzayankha yekha. Koma ndinena kuti munthu amene mizu yake ili mwa Khristu angathe kudulidwa kwambiri osafa, monga Ambuye anaphunzitsa za mpesa ndi nthambi zake pa Yohane mutu 15. Ndinenanso kuti mtima wodulidwa ufuna nthawi yake yopuma. Iwe wosiyidwa, usathamangire m'manja mwa munthu wina pofuna kuonetsa anthu kuti ukali kufunidwa. Ambiri achita chotero natenga mimba yopanda mwini, ena kachirombo koyambitsa Edzi, ena apasula banja la mnzao wosalakwa, nagwetsa pa mkazi wina chisoni chomwecho chimene iwo analira nacho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndikupatsa malangizo awa, iwe mwana wanga wamkazi kapena wamwamuna amene uli m'chisoni chotere. Idya, gona, ndipo pita ku ntchito, pakuti thupi lofooka lilemeretsa maganizo. Pa sikelo mvera kulemera kwa dengu lako lokha. Malipiro ako sachuluka chifukwa mnzako watchola pang'ono, ndipo sachepa chifukwa iye watchola zambiri. Usakongole ndalama chifukwa cha maso a munthu. Ngati zithunzi za pa lamya zikubaya mtima, leka kuziyang'ana; palibe lamulo lokukakamiza kutokosa bala lako usiku uliwonse. Ngati kutchola mzere woyandikana ndi mnzako uja kukulemera, pempha kapitawo mwaulemu akusunthe. Kupatuka kwa kanthawi si udani, pakuti Abrahamu ndi Loti anapatukana kuti ndeu ithe. Funa munthu mmodzi wamkulu wosunga chinsinsi, mai wa Mvano kapena mkulu wa mpingo, umuuze zonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo ngati afika maganizo akuti kuli bwino kufa, kapena uyamba kuyang'ana botolo la mankhwala a mbeu, usagone nao maganizo amenewo usiku umodzi wokha. Dzutsa amai ako kapena mnansi, ndipo mupite pamodzi ku chipatala cha boma ku Thyolo, kapena ku Malamulo, kapena ku chipatala chilichonse chapafupi. Imeneyo ndi nthenda yofuna chithandizo monga malungo, ndipo palibe mwamuna kapena mkazi pansi pano amene mtengo wake ulingana ndi moyo wako.

Za kukhululuka ndinena mosamala. Ambuye atilamula kukhululukira, ndipo lamulo limenelo silisintha. Koma kukhululuka ndiko kuleka kufunira mnzako choipa ndi kupereka mlandu m'manja mwa Mulungu. Sikukukakamiza kumuululiranso zinsinsi zako monga kale. Yamba ndi chaching'ono: mtchule dzina m'pemphero lako, ngakhale lilime lilemera. Pambuyo pake mpatse moni pa njira. Zotsalazo Mulungu adzazikulitsa pa nthawi yake.

Ndipo iwe bwenzi, amene zinthu zakuyendera, ndili ndi mau ndi iwenso. Ngati unalowa pakati pa mnzako ndi wotomera wake, unachimwa, ndipo madzi a ukwati sadzatsuka tchimo limene sunalivomere. Pita ndi munthu wamkulu ukapepese, osadzilungamitsa. Ngati sunalakwe m'menemo, koma mumtima ukondwera mobisika kuti tsopano uli patsogolo, dziwa kuti chimenechonso Mulungu achiona. Kumbukira Penina, amene anali kuputa Hana chaka ndi chaka pa ulendo wa ku Silo kufikira Hana analephera kudya. Lero tikumbukira Hana ndi mwana wake Samueli, koma maina a ana a Penina palibe awadziwa. Usadzere pakhomo pa wolira utavala za ukwati. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mwamuna amene anasiya njerwa pakhomo lina adziwa njira yosiyira.

Inu anyamata, musayese lonjezo la ukwati ngati malaya ovula dzuwa likatentha. Mukaona kuti mtima wanu wabwerera, nenani msanga ndi poyera, kudzera mwa ankhoswe amene munawatuma poyamba, ndipo musasiye mwana wa eni ake kuti amve za inu kumsika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mau omwewa apitenso kwa anamwali amene asunga anyamata awiri, wina wa pamudzi ndi wina wa ku Johannesburg wotumiza ndalama.

Ndi ife a mpingo tili ndi mlandu wathu. Mpikisano wa anamwali awiri aja sukadakula chotero pakadapanda oonerera. Panali amai otenga mau uku ndi kukatula uko, ndi ena ofunsa dala kuti, "Nanga iwe ukwati liti?" Ine ndemwe ndinaona mwaliyo akusowa pa Mgonero kawiri, ndipo ndinakhala chete kufikira amai ake anadza, ndivomera kuti ndinachedwa. Tiyeni tiphunzire kuyendera osiyidwa monga tiyendera oferedwa, mwakachetechete, ndi kankhuni m'manja, osafunsa mafunso ambiri.

Mufuna kudziwa mathero a nkhani ija. Ukwati wa mnyamatayo ndi mnzake uja unachitika. Mwali wathu sanapiteko, ndipo ife sitinamkakamize. Koma anatuma mng'ono wake ndi kambale ka ufa. Anakana mwamuna wa banja uja, nabweza ngongole ya katapila pang'onopang'ono m'miyezi ya mvula, pamene tiyi achuluka. Anabwerera ku gome la Ambuye. Akakomana ndi mnzakeyo apatsana moni, koma chinangwa sanyemerananso, ndipo kapena sadzatero konse. Kufikira lero sanakwatiwe, ndipo anandiuza kuti masiku ena mtima umabayabe. Koma anatinso, "Aphunzitsi, tsopano kalaliki akatchula za uja sindimva, ndimva zanga zokha." Njerwa zija anaziotcha ndi alongo ake, namangira amai ake khitchini.

Abale, werengani mitu iwiri ija ya Genesis m'nyumba zanu mwezi uno, ndipo yense adzifunse kuti maso ake ali pa yani. Tipemphere.

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munaona Leya pamene anthu sanamuone, penyani ana anu a m'midzi ndi m'maesiteti muno amene agona ndi misozi. Mangani mabala ao, muwaletse kubwezera ndi kudzitaya. Chotsani nsanje pakati pa abwenzi, mupatse wolakwa mtima wopepesa ndi wolakwiridwa mphamvu yokhululuka. Phunzitsani mpingo wanu kutseka pakamwa pa miseche ndi kutsegula khomo kwa osweka mtima. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ndine mbale wanu mu utumiki,
Mphunzitsi wa kalasi, Thyolo.